Mwana wa ku Chiwamba Auzidwe Njira Asanafike Pamphambano

Nyengo imene bungwe la National Council for Higher Education, limene ambiri timangoliti NCHE, likulandira mafomu a ofuna malo m'mayunivesite a boma, kaimeni pa msika wa Nsaru, pa Namitete kapena pa Kabudula, pa kashopu kotchajitsa mafoni ndi kujambula mapepala. Mudzaona mtsikana akutulutsa pepala la zotsatira za MSCE m'jumbo mmene analikulunga kuopa mvula ndi thukuta, mwini kashopu akupukusa chala pa foni kumuwerengera mayina a maphunziro amene mtsikanayo sanawamvepo chibadwire. Iye wabwera ndi chinthu chimodzi pamtima, unamwino. Mapointi ake si oipa, Chingerezi anakhoza bwino, Bayoloje ndiye osanena. Koma akafika pa mzere wa zofunika akupeza kuti pakufunikanso kirediti ya Kemisitiri ndi ya Fizikisi, maphunziro amene anawasiya polowa Fomu 3 chifukwa anzake onse ankawathawa, kapena chifukwa mphunzitsi wake anasamutsidwa ndipo m'malo mwake simunabwere wina. Khomo limene akugogoda lero linatsekedwa zaka ziwiri zapitazo, tsiku limene panalibe womuuza kuti kapepala kamene akulemba maphunziro a Fomu 3 nkamene kadzamulondole moyo wake wonse. Mapeto ake asankha chilichonse chimene mwini kashopu wati chimatenga anthu ambiri, alipira, nkukwera kabaza kubwerera kumudzi.

Zambiri zokhudza sukulu m'dziko muno zasamukira kale pa foni ndi pa kompyuta. Mayeso a MANEB amalembetsedwa ndi kulipiridwa kudzera pa makina, mafomu a ku yunivesite amadzazidwa pa intaneti, ndipo wofuna ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nayenso amadzera komweko. Zipata taziika pa makina, koma chidziwitso cha mmene mwana angafikire pa zipatazo chidakali m'mitu mwa anthu ochepa, ambiri mwa iwo okhala m'tauni. Maganizo anga ndi akuti Unduna wa Zamaphunziro ukhazikitse pulogalamu imodzi, yofikira maboma onse a maphunziro, yothandiza mwana wa sekondale kuona ntchito zimene zilipo, maphunziro amene ntchito iliyonse imafuna, sukulu zimene zimaphunzitsa, ndalama zake ndi nthawi yofunsira malo. Ndikutero ndikudziwa bwino kuti mawu akuti makina ndi intaneti atinamizapo kambiri, ndipo alipo makompyuta amene akudya fumbi m'zipinda zokhoma m'masukulu athu. Nchifukwa chake ndikuika muyeso umodzi wokha woyesera ntchito yonseyi: kodi mwana wa Fomu 2 pa CDSS ya ku Chiwamba wadziwa, nthawi idakalipo, kuti phunziro limene akufuna kusiya likumutsekera makomo ati? Pulogalamu imene singayankhe funso limeneli ndi yongokongoletsa malipoti.

Ndikulimbikira Fomu 2 chifukwa cha mmene msewu wa sukulu unayalidwira. Mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8 amasankhidwira ku sekondale ya dziko lonse, ku sekondale ya m'boma lake yogonera komweko kapena yoyendera, apo ayi ku Community Day Secondary School (CDSS), ndipo ana ochuluka a kumudzi amene apeza malo amagwera m'gulu lotsirizali. Ma CDSS anabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala masekondale, litaona chinamtindi cha ana chimene maphunziro aulere a 1994 anabweretsa. Ambiri mwa masukuluwa anayamba opanda labotale, opanda laibulale, ndi aphunzitsi amene anaphunzira za ku pulayimale, ndipo ngakhale zinthu zasinthako, phompho la pakati pa iwo ndi masekondale akuluakulu silinakwiririke. Kumapeto kwa Fomu 2 kuli mayeso a JCE, amene anabwezeretsedwa mu 2021 atathetsedwa kwa zaka zingapo, ndipo polowa Fomu 3 mwana amasankha maphunziro amene adzalembe pa MSCE. Pa mayeso amenewa magiredi amayambira pa 1 kulekeza pa 9, ndipo 1 mpaka 6 ndiwo amawerengedwa ngati kirediti. Ana ambiri amadziwa kuti yunivesite ya boma imafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, nkumaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Chimene sadziwa nchakuti dipatimenti iliyonse ili ndi zake: uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST umaima pa Masamu ndi Fizikisi, zaumoyo ku KUHeS zimafuna masayansi onse, ndipo ngakhale zaulimi ku LUANAR, zimene mwana wa mlimi wa fodya angaganize kuti nzake zenizeni, zimafunsa Masamu ndi sayansi. Mwana wa ku Area 47 amamva zonsezi akudya nsima ndi bambo ake, kapena kwa azakhali ake amene anadutsa ku Chancellor College. Wa ku Nambuma, amene m'banja mwawo ndiye woyamba kufika Fomu 3, alibe womufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwambiwu umanena za munthu amene anali ndi womufunsa nanyozera.

Chowawa nchakuti mwayi wambiri uli pakhomo penipeni. Dera la kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe si chipululu cha maphunziro. Pa Namitete pali Namitete Technical College, imodzi mwa sukulu za ntchito zamanja zimene zimalandira ophunzira kudzera ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Pafupi pomwepo pali chipatala cha St Gabriel's, chimene chakhala chikutumikira anthu kuyambira 1959, ndipo m'chipatala muli ntchito zambiri kuposa udokotala ndi unamwino: woyeza magazi, wojambula mafupa, wosunga mankhwala, wokonza makina, wowerengera ndalama. Ku Chitedze, kufupi ndi Mpingu, kuli malo a kafukufuku wa zaulimi amene anatsegulidwa mu 1948, kumene akatswiri amayesa mbewu za chimanga, mtedza ndi soya zimene makolo a ana omwewa amadzala. Cha kumzinda kuli Natural Resources College, imene tsopano ili pansi pa LUANAR, ndipo kumpoto kuli Nalikule College of Education, mafakitale a ku Kanengo ndi bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Mwana wa ku Chiwamba amakula akuona ndege zikutsika, koma mukamufunsa ntchito za pa bwalo la ndege adzatchula woyendetsa ndege basi. Za woona zanyengo, wolondolera ndege, wozimitsa moto kapena wokonza mainjini sanamvepo, ndiye angalakelake bwanji ntchito imene sakuidziwa ndi dzina lomwe? Pulogalamu yabwino iyambire pamenepa, pa zimene zili m'dera la mwanayo, ndipo ntchito zamanja ndi ulimi wa malonda iziike pampando umodzi ndi digiri, chifukwa ochuluka mwa olemba MSCE sadzalowa m'mayunivesite 6 a boma, ndipo kuwaonetsa yunivesite yokha nkuwauza kuti moyo wawo wonse ndi kulephera.

Wina angafunse ngati kungouzidwa kokha kumasinthadi kanthu. Umboni ulipo, ndipo ukuchokera kumayiko osasiyana kwambiri ndi lathu. Ku Dominican Republic, katswiri wa zachuma Robert Jensen anapeza kuti anyamata a kalasi yotsiriza ya pulayimale ankachepetsa kwambiri phindu la kumaliza sekondale, chifukwa m'madera mwawo sankaona anthu ophunzira amene zinthu zikuwayendera. Anyamata ena anangouzidwa ndalama zenizeni zimene omaliza sekondale amalandira, ndipo m'zaka zinayi zotsatira iwowa anakhalitsa pasukulu kuposa anzawo amene sanauzidwe. Kafukufukuyu anasindikizidwa mu 2010. Ku Madagascar, Trang Nguyen anapeza mu 2008 kuti makolo ndi ana atauzidwa zoona za phindu la sukulu, ana anayamba kukhoza bwino mayeso, ndiponso kuti ana osauka ankalimbikitsidwa kwambiri ngati munthu wodzawalankhula anachokeranso m'banja losauka. Ku Ghana, kumene ana amasankhidwira ku sekondale ndi kompyuta kuyambira 2005, Kehinde Ajayi anaonetsa kuti ana ochokera m'masukulu osachita bwino amafunsira sekondale zotsikirapo poyerekeza ndi anzawo amene akhoza mofanana nawo koma akuchokera m'masukulu abwino. Izi zikutiphunzitsa kuti kuika kasankhidwe pa kompyuta sikuchotsa tsankho pakokha. Kompyuta imagawa malo molingana ndi zimene mwana walemba, ndipo mwana amalemba molingana ndi zimene wauzidwa.

Chotsutsa choyamba chimene aliyense wodziwa midzi yathu angapereke ndi cha magetsi ndi netiweki, ndipo nchomveka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Lilongwe wa kumudzi anali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni, kuposa boma lina lililonse, ndipo ambiri mwa makomo amene ali ndi foni ali ndi kafoni ka mabatani, kamene kamakhala m'thumba mwa bambo. Pulogalamu yofuna foni yamakono, bandulo ndi netiweki yolimba idzathandiza omwe aja anali kudziwa kale. Koma funso limeneli dziko lathu layamba kale kuliyankha m'njira ina. Pulogalamu ya BEFIT, imene boma linayamba mu 2023 m'masukulu a pulayimale 500 mogwirizana ndi Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, ikuphunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, m'Chichewa, popanda kudalira intaneti, ndipo cholinga chake nkufikira masukulu onse a pulayimale a boma. Mbewu yake inayesedwa kale pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe, kumene Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anapeza kuti ana ogwiritsa ntchito matabuleti anapita patsogolo pa masamu. Bungwe la MACRA nalo lakhala likumanga zipinda za makompyuta m'masekondale kudzera m'ntchito ya Connect a School. Ngati tabuleti ingathe kugwira ntchito m'kalasi ya ana a zaka 7 kutali ndi mawaya a ESCOM, ingathenso kusunga mndandanda wa maphunziro ndi ntchito pa CDSS. Chidziwitso chotere sichisintha tsiku ndi tsiku. Nchokwanira kuti mphunzitsi apite ndi tabuleti pamalo pogwira netiweki kamodzi pa teremu, atenge zatsopano, abwerere.

Komabe makina paokha sanaphunzitsepo mwana. Dziko la Peru linagawa malaputopu oposa 800,000 kwa ana a sukulu pansi pa ntchito ya One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa 2012 sanapeze kusintha pa kakhozedwe ka masamu ndi chiyankhulo. Chimene chinasowa ndi mphunzitsi wodziwa chochita nawo makinawo. Pa nkhani ya uphungu izi ndi zoona koposa, chifukwa mwana wa zaka 15 safunsa tabuleti funso limene likumuvutadi. Sangaiuze kuti malume ake akufuna akwatiwe akamaliza JCE, kapena kuti amaopa Masamu chifukwa anasekedwa pa bolodi ali Sitandade 6, kapena kuti fodya wa chaka chino wagulidwa motchipa ndipo kunyumba akukambirana zoti mmodzi mwa ana asiye sukulu. Zimenezi amauza munthu, ndipo amauza munthu amene amamukhulupirira. Ku America, Christine Mulhern anaonetsa kuti mlangizi wabwino pa sekondale amakweza mwayi wa mwana womaliza sukulu ndi kupita ku koleji, makamaka mwana wa m'banja losauka. Kwathu kuno uphungu wa ntchito umapezeka pang'ono m'phunziro la Life Skills, ndipo m'masukulu ambiri umaperekedwa kwa mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi odzaza, ngati katundu wowonjezera wopanda nthawi yake. Chodabwitsa nchakuti likulu la Guidance, Counselling and Youth Development Centre for Africa, limene linakhazikitsidwa kuti lithandize mayiko a mu Africa pa nkhani yomweyi, lili mu Lilongwe momwemuno. Ndalama zambiri za ntchitoyi zipite kwa mphunzitsi: aphunzitsidwe, ku Nalikule ndi ku Domasi komanso m'magulu a masukulu oyandikana, apatsidwe piriyodi yake yolembedwa pa ndandanda ya sukulu, achepetseredwe makalasi ena, ndipo pa sukulu iliyonse akhale awiri, wamkazi ndi wamwamuna, kuti mmodzi akasamutsidwa ntchito isafe. Tabuleti ndi buku la mphunzitsi ameneyu, ndipo phindu lake lalikulu nlakuti buku limeneli silikalamba. Mphunzitsi amene anamaliza maphunziro ake chisanafike chaka cha 2021 anasiya kuli Polytechnic, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, lero kuli MUBAS ndi KUHeS ndi maphunziro atsopano amene iye sanawaonepo. Si mlandu wake kuti akulangiza ana ndi mapu akale.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi ichi: nanga kumuuza mwana kuti unamwino umafuna Kemisitiri kuli ndi phindu lanji ngati pasukulu pake palibe labotale, palibe mphunzitsi wa Kemisitiri, ndipo malo ku koleji ndi ochepa? Kodi si kumuonetsa nyama ili pamwamba pa mtengo umene sangakwere? Kafukufuku wa Jensen yemweyo anapeza kuti ana osaukitsitsa sanapindule kwenikweni ndi chidziwitso chija, chifukwa chimene chinkawatsekereza chinali umphawi. Sindikana zimenezi, ndipo amene angagulitse pulogalamu ya pa kompyuta ngati mlowam'malo wa labotale akunamiza anthu. Koma tiganizirenso mtsikana uja wa pa kashopu. Choonadi chinamupeza ndithu, kungoti chinamupeza mochedwa, pamene madzi anali atatayika kale. Akanadziwa ali Fomu 2, makolo ake akanatha kupempha kuti asamukire ku sukulu ina, akanatha kugulitsa mbuzi kulipira mphunzitsi wapadera, komiti ya sukulu ikanatha kupita ku ofesi ya maphunziro kukadandaula, kapena iye mwini akanasankha ndi maso otsegula njira ina imene maphunziro a pasukulu pake angamufikitse. Ndipo pali chinthu china chimene otsutsa saona. Pulogalamu yotere imalankhula mbali ziwiri. Ana a Fomu 2 a masukulu onse a Lilongwe Rural West ndi Lilongwe Rural East akalemba zimene akufuna kudzakhala, ofesi ya Central West Education Division idzakhala ndi chithunzi chooneka ndi maso: pa sukulu yakuti ana ochuluka chotere akufuna zaumoyo ndi uinjiniya, koma mphunzitsi wa Fizikisi palibe. Mu 2019 World Bank inavomereza madola 90 miliyoni a ku America ku ntchito ya EQUALS, yokweza masamu ndi sayansi makamaka m'ma CDSS. Thandizo lotere likabwera, ndi bwino lizipeza boma likudziwa kale kumene njala ya sayansi yakula, ndipo phungu wa Nyumba ya Malamulo, khansala ndi mfumu azikhala ndi pepala m'manja pokafunsa chifukwa chake dera lawo likulumphidwa. Kubisira mwana zofunika poopa kumukhumudwitsa kumateteza amene analephera kumanga labotale, mwanayo sikumuteteza.

Pali ngozi ina imene imabisala m'kati mwa mapulogalamu otere, ndipo tiyenera kuikana isanabwere. Masukulu ambiri a ku America amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Naviance, imene imaonetsa mwana mmene ana akale a pasukulu pake anakhozera ndi makoleji amene anawalandira kapena kuwakana. Mulhern yemweyo anapeza kuti ana ankafunsiradi malo ku makoleji amene awaona pa pulogalamuyo, koma ankagwa mphwayi kufunsira kumene magiredi awo aoneka otsikirapo pang'ono poyerekeza ndi a anzawo akale, ngakhale mwayi wolandiridwa unalipo. Tangoganizani chida chotere chitafika pa CDSS imene m'mbiri yake yonse sinatumizepo mwana ku sukulu ya udokotala. Chikanangouza mwana aliyense kuti kuno sikuchokera madokotala, ndipo mbiri ya umphawi ikanasanduka ulosi. Chimodzimodzi timafunso tija tofufuza khalidwe la munthu, timene timati ukayankha nkukuuza kuti iwe ndiwe woyenera ntchito yakuti. Tambiri mwa timafunsoti tinalembedwera ana a mayiko ena, ndipo mtsikana amene moyo wake wonse wauzidwa kuti kukonza galimoto ndi kuwotcherera zitsulo nza amuna adzayankha zimene anaphunzitsidwa, makina nkumutsimikizira zomwezo. Pulogalamu yathu ikhale yotsegula makomo: ionetse zofunika, ionetse njira zingapo zofikira pa ntchito imodzi, kuphatikizapo kuyambira pa satifiketi kapena dipuloma nkukwera pang'onopang'ono, ionetse anthu enieni ochokera m'ma CDSS amene anafika patali ndipo avomera kufotokoza ulendo wawo. Isapatsidwe mphamvu yogamula kuti mwana uyu apite uku, ndipo mphunzitsi wamkulu asaigwiritse ntchito pokankhira ana ofooka kunja kwa kalasi ya sayansi kuti sukulu ioneke yokhoza bwino pa MSCE.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhani imeneyi ndi zinsinsi za ana. Pulogalamu yotere idzasunga mayina, magiredi, midzi, mwina ndi za umphawi wa pakhomo. Mu December 2024 kampani ya PowerSchool, mwini wake wa Naviance, inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti, ndipo mbiri za ana mamiliyoni ambiri a ku America ndi Canada zinabedwa. Ifenso tikukumbukira mmene makina opangira mapasipoti anaimira kwa milungu yambiri kumayambiriro kwa 2024, anthu nkumagona pa mizere. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene linapatsa MACRA udindo woyang'anira katetezedwe ka mbiri za anthu, ligwire ntchito pano kuyambira tsiku loyamba: pasonkhanitsidwe zochepa zokhazo zofunika, makolo auzidwe m'chiyankhulo chawo ndipo avomere, ziwerengero zopita ku maofesi zisakhale ndi mayina, ndipo makoleji a eni asagulitsidwe manambala a ana kuti aziwatumizira mauthenga a malonda. Mwini pulogalamuyo akhale boma la Malawi, makiyi ake akhale m'manja mwa Amalawi, ndipo achinyamata a ku MUBAS, MUST, Mzuzu University ndi UNIMA amene akuphunzira za makompyuta angathe kuimanga. Chaka cha 2025 chinationetsa mmene ntchito zodalira thumba limodzi lakunja zimaimira tsiku limodzi, pamene boma la America linatseka USAID. Gawo lovuta kwenikweni si kumanga, nkusamalira. NCHE, TEVETA, MANEB, bungwe la ngongole za ophunzira ndi makoleji a zaumoyo ndi a uphunzitsi akakamizidwe kupereka zofunika zawo, mitengo ndi masiku otsekera chaka ndi chaka pamalo amodzi, ndipo pulogalamuyo izionetsa poyera makoleji amene ndi ovomerezeka ndi NCHE, chifukwa alipo makolo amene agulitsa ng'ombe kulipirira mwana pepala losazindikirika kulikonse.

Makolo asasiyidwe kunja. Kumudzi mwana sasankha yekha, ndipo nthawi zambiri mawu otsiriza amakhala a amene akulipira, kaya ndi bambo, mayi, malume kapena mkulu wake amene ali ku Johannesburg. Pulogalamu ya m'Chingerezi chokha imatsekera kunja anthu amenewa. Ikhale m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ikhale ndi mawu omveka kwa amene sawerenga, ndipo zofunika kwambiri zizipezeka pa kafoni ka mabatani momwe anthu amachitira ndi Airtel Money ndi Mpamba, zimene amayi ogulitsa tomato pa Nsaru anazizolowera kalekale popanda kupita ku semina. Mwana akamaliza kukambirana ndi mphunzitsi wake atuluke ndi pepala limodzi, lolembedwa m'Chichewa, lonena ntchito zitatu zimene akuziganizira, maphunziro amene asasiye, ndi ndalama zimene banja liyambe kukonzekera. Pepala limeneli likawerengedwe pakhonde madzulo, likambidwenso pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ndiponso ndi magulu a amayi amene akhala akubweza atsikana kusukulu.

Chatsala ndi funso la poyambira. Chizolowezi chathu nchoyesera zinthu zatsopano pa masukulu a m'mbali mwa msewu wa phula, kumene galimoto ya alendo imafika msanga ndi kubwerera dzuwa lisanalowe, kenako nkulengeza kuti zatheka. Zotheka pa sekondale ya mu mzinda sizitiuza kanthu za sukulu imene msewu wake umaduka mvula ikagwa. Maboma awiri a maphunziro a Lilongwe wa kumudzi ndi malo abwino oyambira chifukwa ali ndi zonse ziwiri: ali pafupi ndi Capital Hill moti akuluakulu a unduna sangapeze chowiringula cholephera kukaona, koma ali ndi masukulu ovutika ngati a dera lina lililonse. Ayambe ndi ma CDSS a ku Chiwamba, Kabudula ndi Nsaru, masukulu ena ofanana nawo adikire chaka chimodzi kuti pakhale poyerekezera, ndipo chowerengedwa chisakhale matabuleti ogawidwa kapena aphunzitsi ofika pa semina. Awerenge ana angati, makamaka atsikana, amene asunga Fizikisi ndi Kemisitiri polowa Fomu 3, angati afunsira malo ku TEVETA ndi ku makoleji, mafomu angati a NCHE agwa chifukwa mwana anasankha phunziro limene alibe zofunika zake, ndi aphunzitsi angati a sayansi atumizidwa kumene ziwerengero zaloza. Zotsatirazo zilengezedwe poyera, zabwino ndi zoipa zomwe, maboma ena asanalandire. Chaka cha sukulu chimayamba mu September ndipo JCE imalembedwa chakumapeto kwake, choncho nthawi yokhala pansi ndi mwana wa Fomu 2 ndi teremu yachiwiri, kuyambira January, mvula ili mkati ndipo chimanga chikumasula, makolo asanagulitse fodya ndi soya nkugawa ndalama za chaka.